Mlendo wolemera ndi wantchito wosaoneka

Khutba ya Jumu'ah, Fonte Boa

Khutba yoyamba

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, amene amagawa rizq mwa nzeru Zake, ndipo adzafunsa munthu aliyense za njira imene chuma chake chinabwerera ndi njira imene chinapitira. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Abale ndi alongo olemekezeka, masiku ano foni yalowa m'nyumba zambiri kuno ku Angónia, ndipo achinyamata athu akuonera pa Facebook ndi pa WhatsApp makanema a mahotela ogonamo anthu olemera kwambiri. Ena mwa makanemawo ndi a ku Morocco, dziko la Asilamu anzathu kumpoto kwa Africa, limene m'chaka cha 2024 linalandira alendo okaona malo okwana 17.4 miliyoni. Woonerayo amaona maiwe osambiramo, minda ya maluwa ndi matebulo odzaza zakudya, kenako amaika foni pansi n'kuyang'ana munda wake wa kachewere mtima uli wolemera. Ena amasirira mpaka kuunyoza moyo umene Allah wawapatsa. Ena amakwiya n'kugamula kuti zonsezo ndi haraam. Nchifukwa chake lero tikufunsa: kodi munthu amene wapeza chuma chake m'njira ya halaal angagule chisangalalo chilichonse chimene mtima wake wafuna paulendo? Ngati pali malire, malirewo ali pati?

Tiyambe ndi chilungamo kwa wolemerayo. Chipembedzo chathu chimadziwa kuti ulendo ndi wowawa, ndipo chimamupeputsira wapaulendo: swala ya maraka anayi amaiswali awiri, ndipo m'mwezi wa Ramadhan amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Ngati Allah mwini wake wamupeputsira wapaulendo pa ibada, ife sitingamuimbe mlandu chifukwa chakuti wafuna pogona pabwino ndi chakudya chabwino. Pakati pa maswahaba panali anthu achuma chambiri monga Uthman bin Affan ndi Abdurrahman bin Auf, Allah asangalale nawo, ndipo chuma chawo sichinawachotsere ulemerero. Komanso ndalama za mlendo zimadyetsa mabanja a ophika, ochapa, oyendetsa galimoto ndi amisiri. Kuchereza alendo ndi ntchito yaulemu, ndipo malipiro ake ndi halaal malinga ngati chimene chikugulitsidwacho ndi chololedwa.

Tsopano tione pamene pali vuto. Mumzinda wa Marrakech muli hotela yotchedwa Royal Mansour, imene inatsegulidwa mu 2010 ndipo inamangidwa mwa chifuniro cha mfumu ya dzikolo, Mohammed VI. M'malo mwa zipinda, hotelayi ili ndi nyumba 53 zomangidwa mwa kamangidwe ka makolo a ku Morocco, ndipo mlendo amapatsidwa nyumba yakeyake. Amisiri oposa 1,000 anazikongoletsa ndi manja awo. Koma chimene hotelayi imatchuka nacho kwambiri chili pansi: anakumba njira pansi pa nthaka zoti antchito aziyendamo, kuti afike m'nyumba ya mlendo, ayale bedi, abweretse chakudya n'kuchoka, mlendoyo asanakumane nawo panjira. Tisafulumire kunena kuti antchitowo akuzunzika, pakuti mwina malipiro awo ndi abwino kuposa a anzawo ambiri. Chimene tikufuna kuti muchilingalire ndi katundu amene akugulitsidwa pamenepo. Pamwamba pa bedi ndi chakudya, mlendo akulipira kuti asaone nkhope ya munthu amene akumutumikira.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha Mtumiki wathu, mtendere ukhale pa iye, chimatiimitsa. Iye anaphunzitsa kuti wantchito ndi m'bale wa bwana wake, adye zimene bwanayo akudya, ndipo asasenzetsedwe ntchito yoposa mphamvu zake. Anaphunzitsanso kuti wantchito akaphika n'kubweretsa chakudya, ayenera kukhazikidwa pansi kuti adye nawo, kapena apatsidweko gawo, popeza ndiye amene anapirira utsi ndi kutentha kwa moto. Malamulo onsewa angatheke pokhapokha ngati bwana akumuona wantchito wake. Munthu amene sukumuona sungadziwe kuti watopa, kuti wadwala, kapena kuti mwana wake wagona ndi njala. Mtima umazolowera kuganiza kuti chakudya chimadzibweretsa chokha, ndipo kuzolowera kotereku ndi chiyambi cha kibri, kudzikweza kumene kumamutsekera munthu khomo la Jannah.

Malire achiwiri ali pa madzi. Dziko la Morocco linakhala pa chilala zaka zingapo zotsatizana. Mu 2024 akuluakulu a mizinda ina, monga Casablanca, analamula kuti nyumba zosambiramo anthu onse, zimene kumeneko amazitcha hammam, zizitsekedwa masiku atatu pa sabata pofuna kusunga madzi. Nyumba zimenezi ndi kumene anthu wamba amakasamba, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku nyumba ya malamulo, kumene kunafunsidwa chifukwa chimene malo osambiramo anthu olemera ndi alendo sanakhudzidwe mofanana. Mu February 2025 mfumu inapempha anthu a dzikolo kuti asazinge nyama ya qurbani pa Eid ul-Adha ya chaka chimenecho, chifukwa chilala chinali chitachepetsa ziweto ndipo mitengo inali itakwera. Lingalirani, abale: dziko limene mlimi wake analephera kusunga nkhosa ya Eid, ndi lomwelo limene mlendo amapeza dziwe lake lodzaza padenga la nyumba yake.

Wina anganene kuti mlendoyo walipira, ndipo chimene munthu walipira ndi chake. Koma madzi a m'dera louma ali ngati nsima ya m'mbale imodzi: wina akatapa kwambiri, wina amatsala ndi njala, ngakhale wotapayo atasiya ndalama pamphasa. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, ankapanga wudhu ndi madzi a muyeso wa mudd, amene sakwana ngakhale lita imodzi. Ndipo pamene madzi anavuta ku Madina, Uthman anagula chitsime cha Ruma ndi ndalama zake n'kuchipereka kuti aliyense azitunga mwaulere. Anali wolemera, ndipo chuma chake chinawonjezera madzi a anthu osauka. Umenewu ndiwo muyeso wathu: chisangalalo cha wolemera chimakhala israaf, kuononga koletsedwa, pamene chikudya gawo limene ena akulifuna kuti akhale ndi moyo.

Malire achitatu ali pa cholinga cha ulendo. Qur'an yolemekezeka m'malo ambiri imalimbikitsa kuyenda padziko kuti munthu aone ndi kutengapo phunziro. Dziko lomweli la Morocco linabala mmodzi mwa apaulendo otchuka m'mbiri ya Asilamu, Ibn Battuta, amene anachoka ku Tangier mu 1325 kupita ku Hajj, nayenda pafupifupi zaka 30. Mu 1331 anafika ku Kilwa, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja umene unkalemera ndi golide wodzera ku Sofala, m'dziko lathu lino. Iye ankagona kwa mafumu, komanso ankagona m'nyumba za alendo za anthu opembedza, ankadya ndi eni dziko ndi kuswali nawo pamzere umodzi, ndipo anabwerera kwawo akudziwa anthu. Mlendo amene watengedwa pabwalo la ndege m'galimoto yotseka mawindo, n'kukatsekeredwa kuseri kwa mpanda, angathe kubwerera kwawo osadziwa kuti mapiri okongola a Atlas amene amawajambula ali padenga ndi omwewo amene pa 8 September 2023 chivomerezi chinagwetsa midzi ya nyumba zadothi n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Thupi lake layenda, koma maso ake sanaone chimene Allah anamutumira kuti akaone.

Tanena zimenezi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa machimo athu ndi anu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, nkosavuta kukhala mumzikiti wa ku Fonte Boa n'kumaweruza anthu a ku Marrakech amene sadzatimva. Ngakhale m'dziko lathu lino muli malo otere: pa chilumba cha Benguerra, ku Inhambane, alendo ena amafika pa helikoputala kuchokera ku Vilankulo. Ambiri a ife sitidzagonako. Koma matenda amene tawatchulawa salira hotela kuti amugwire munthu. Amamugwira aliyense amene wakwera pang'ono pamwamba pa mnzake.

Ife tikagulitsa kachewere, nyemba kapena fodya ku Ulongué, timalemba aganyu oti atilimire ndi kutikumbira. Kodi dzina la waganyuyo timalidziwa? Kodi nsima ikapsa amadya pamphasa yathu, kapena timamutumizira mkute kuseri kwa nkhokwe? Kodi malipiro ake timamupatsa tsiku limene tinapangana, kapena amabwera kawiri katatu n'kumauzidwa kuti bwana atuluka? Paukwati ndi pa sadaka, kodi amayi amene aphika kuyambira mbandakucha amadya liti, ndipo amadya chiyani? Munthu angathe kukumba njira ya pansi pa nthaka pakhomo pake popanda khasu, pongozolowera kusamuyang'ana womutumikira.

Ndipo pali wapaulendo wina amene makanema a pafoni samuonetsa. Mu Surat At-Tawba, aya 60, Allah watchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaat, ndipo limodzi mwa iwo ndi ibnu sabil, wapaulendo amene zamuthera panjira, ngakhale kwawo atakhala wopeza bwino. Mu Surat Al-Isra, aya 26, lamulo lomupatsa wapaulendo gawo lake ndi lamulo loletsa kumwaza chuma aikidwa m'aya imodzi. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti chimene chamwazika pa zosafunika kawirikawiri chimakhala gawo la munthu wina amene ali panjira.

Ife a ku Angónia wapaulendo ameneyu tikumudziwa, pakuti tinakhalapo iyeyo. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu atasenza mphasa ndi miphika. Amene anatilandira analibe nyumba 53. Anali alimi ngati ife, ndipo anatipatsa malo pakhonde ndi pamunda. Lero misewu ya chigawo chathu ikudutsa apaulendo ena. Mu March 2020, pa Mussacana m'boma la Moatize, m'kontena ya lole yochokera ku Malawi munapezeka mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia amene anafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo amoyo anali 14 okha. Nawonso anali atalipira ulendo wawo, nawonso anali obisika kuti asaonedwe. Dziko limene wina amalipira kuti asaone anthu, wina n'kumalipira kuti anthu asamuone mpaka kufera mumdima, ndi dziko lofunika anthu oopa Allah.

Choncho tichoke pano ndi zinthu zitatu. Choyamba, inu achinyamata, musalole kanema wa mphindi imodzi akuchititseni kuunyoza munda wa bambo anu, kapena kupereka moyo wanu m'manja mwa ozembetsa anthu pofuna kukafika kumene mwaona. Funani chuma m'njira ya halaal, yendani ndi zikalata zoyenera, ndipo musachite kaduka ndi rizq la wina. Chachiwiri, inu amene Allah wakutambasulirani dzanja, sangalalani ndi zimene wakupatsani popanda manyazi, koma musanagule chisangalalo dzifunseni kuti akuchisenza ndani, walipidwa bwanji, ndipo chikuchepetsa gawo la yani. Mukapita ku Umrah kapena ulendo wamalonda, mupatseni salaam wokonza chipinda chanu ndipo mumufunse dzina. Chachitatu, tonsefe tikumbukire kuti mlendo ali ndi ufulu wocherezedwa masiku atatu, ndipo akuluakulu athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pa zakaat ndi swadaka zathu tipatule gawo la wapaulendo amene galimoto yamusiya, amene waberedwa, kapena amene wadwala kutali ndi kwawo, kaya ndi Msilamu kaya si Msilamu pa nkhani ya swadaka. Dzina la malo athu ano m'Chipwitikizi limatanthauza kasupe wabwino, ndipo kasupe safunsa womwa kuti wachokera kuti.

O Allah, tipatseni rizq la halaal ndi mitima yokhutira. Titetezeni ku israaf, ku kibri ndi ku kaduka. Agwetsereni mvula abale athu a ku Morocco ndi onse amene ali pa chilala, ndipo dalitsani minda yathu. Asungeni apaulendo onse ndi kuwabwezera kwawo mwamtendere, ndipo achitireni chisoni amene anafera panjira. Tumizani mtendere ndi madalitso kwa Mtumiki Wanu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chisoni.