Mtsutso wa ku Limbe: Kodi Feteleza wa Makuponi Anatsitsa Mtengo wa Chimanga?

Mphunzitsi wa zachuma ndi mkulu wa mpingo, amene amagulitsa chimanga mumsika wa Limbe, anasiyana maganizo motere.

MPHUNZITSI: Bambo, chiyambire 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi a feteleza, anthu akhala akungolankhula za m'mutu, koma mu 2013 Jacob Ricker-Gilbert ndi anzake, atasanthula mitengo ya m'misika ya Malawi ndi Zambia, anapeza kuti thandizoli limatsitsadi mtengo wa chimanga, ndipo ine sindichita manyazi kulengeza zimenezi.

MKULU: Limatsitsa ndi zingati, aphunzitsi?

MPHUNZITSI: Likachulukitsidwa kawiri, mtengo utsika ndi zosakwana K3 pa K100 iliyonse. Komatu funso la akatswiri ndi lina. Ronald Fisher, amene anasanthula zokolola za minda yoyesera feteleza ku Rothamsted, anatisiyira muyeso mu 1925: chinthu chikakhala chopanda mphamvu konse, kusiyana konga kumene kafukufuku wapeza kungaoneke mwangozi kosapitirira kasanu pa maulendo 100, ndipo chopambana muyesowu timachitcha chotsimikizika.

MKULU: Pamenepo ndi pamene mtima wanga ukuwawa. Inu mukati chotsimikizika, mayi amene wabwera ndi kabeseni kake kuchokera ku Bangwe, nafunyulula ndalama pa mfundo ya chitenje, amamva kuti chachikulu. Ndipo ngakhale simunaname ndi pakamwa, mwamsiya akhulupirire chimene inu mukudziwa kuti sichili choncho, pakuti muyeso wanuwo ungonena kuti kanthu kalipo, osanena kukula kwake. Kodi umenewu si umboni wonama?

MPHUNZITSI: Mwandilasa, koma musataye muyesowo. Popanda iwo, chaka cha mvula yabwino aliyense adzatamanda feteleza, chaka cha chilala adzamnyoza. Ndiponso K3 ya banja limodzi, ikawerengedwa pa mabanja onse ogula chimanga m'dziko muno, si yonyozeka.

MKULU: Iwerengeni tsono pamodzi ndi ndalama zimene boma linalowetsapo, zimene zikanagula mankhwala m'zipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kafukufuku akalephera muyeso wanu chifukwa midzi yofunsidwa inachepa, musathamangire kuuza aphungu kuti thandizolo n'lachabe.

MPHUNZITSI: Pa chachiwiricho tagwirizana. Pa choyamba ndikanabe, chifukwa phindu la makuponi silili pa mtengo wa pamsika pokha. Lilinso m'nkhokwe ya mlimi amene sanafike n'komwe kumsika kwanu.

MKULU: Bwerani nacho chiwerengero cha nkhokwezo, mundiuze matumba ake, ndipo tidzakhalanso pansi.