Kodi Phindu la Kufufuza Limafafaniza Magwero Ake?

NSENGWA ndiyo imapereka chakudya ndi mpweya wa okosijeni kwa mwana wosabadwa. Itakula molakwika, nakubala angadwale pre-eclampsia, nthenda yokweza kuthamanga kwa mwazi imene ingaphe iye ndi mwana yemwe. Komabe, madokotala sangathe kupenda nsengwa mosamalitsa m'milungu yoyambirira ya pathupi popanda kuika mwanayo pangozi.

Mu 2018, asayansi a pa Yunivesite ya Cambridge, ku England, analengeza kuti anali atakulitsa maselo a nsengwa m'timadontho ta mankhwala onga phala. M'malo moyalana pansi pa mbale, maselowo anaumbana kukhala timibulu tofanana ndi nsengwa zazing'ono. Timibuluto tinatulutsa ngakhale hCG, homoni imene zipangizo zopimira pathupi zimazindikira.

Koma maselowo anatengedwa pa mimba zochotsedwa za milungu 6 kufikira 9. Zoona, timibuluto si mluza, ndipo sitingakhale munthu. Chotero nkhani yagona pa kumene maselowo anachokera. Ena amanena kuti kufufuzako sindiko kunachititsa kuchotsa mimbazo. Komabe, kwa munthu amene amaona moyo wa mwana wosabadwa kukhala wopatulika, phindu la pambuyo pake silimasandutsa choipa kukhala chabwino.

Kodi pamenepo kufufuza kuyenera kuleka? Kutalitali! Pofika 2022, ofufuza ena anali atakulitsa timibulu totero kuchokera ku nsengwa za ana obadwa panthaŵi yake. Ngati ilipo njira yosavulaza chikumbumtima, kodi sindiyo iyenera kufunidwa choyamba?