Kodi Beseni Aligwire Ndani?



Chaka ndi chaka pa Lachinayi Loyera timaona Abambo akugwada pansi ndi kusambitsa mapazi a Akhristu angapo. Mwambowu ndi wokoma ndithu, koma tisabisane: amene asankhidwa amabwera atasamba kale kunyumba, ena atadzola ndi mafuta omwe. Mapazi amene Yesu anasambitsa pa Yohane 13 sanali otero. Anali a anthu oyenda m'fumbi, ndipo ntchitoyo inali ya kapolo wa m'nyumba. Mwa ophunzira 12 aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka kuti aigwire. Atatha, Ambuye anawalamula kuti azichitirana zomwezo, ndipo usiku womwewo anawapatsa lamulo latsopano loti muyeso wa chikondi chawo ukhale mmene Iye anawakondera. M'mawa mwake anapachikidwa pamtanda.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino beseni timalidziwa. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, wodi ya amayi inkadzaza mpaka ena kugona pansi pakati pa mabedi. Anamwino tinali ochepa, choncho wosambitsa, kudyetsa ndi kuchapira wodwala anali gadiyani wake. Tikukumbuka mtsikana wina amene abale ake anamubweretsa atawonda kwambiri, akutsekula m'mimba kosaleka. Abalewo anati akukatenga ufa kumudzi, osabweranso. Ife tinkamupatsa mankhwala n'kudutsa mwachangu, tikudziuza kuti odwala achuluka. Zinali zoona, komanso fungo linkatithamangitsa.

Pa bedi lina panali mayi wachikulire amene ankadikirira mwana wake wamkazi. Tsiku lachitatu m'mamawa tinawapeza mayiwo atabweretsa madzi ofunda, akumusambitsa mtsikana uja. Anamuveka chitenje chawo, natenga nsalu zake zonse kukachapa. Sopo anali ndi mmodzi yekha, nkhuni zinali zogula, ufa unali wowerengera masiku a anthu awiri, tsopano ukudyedwa ndi atatu. Magadiyani anzawo ku khitchini ankawaseka kuti akudziputira matenda a eni ake. Anapitiriza kwa milungu itatu mpaka mtsikanayo anamwalira ali woyera thupi, mutu uli pamiyendo pawo. Mayiwo sanali a mpingo wathu, ndipo ngakhale mudzi wa mtsikanayo sankaudziwa.

Makolo athu anatisiyira miyambi yabwino. Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Amatinso kupatsa n'kuika. Miyambi imeneyi yasunga midzi yathu, ndipo sitikuinyoza. Koma taonani kuti yonse iwiri ikuyang'ana mawa, tsiku limene mnzakoyo adzabweze. Mtsikana wa mu wodi uja sakanabweza kanthu. Yesu naye pogwada ndi beseni anafika pa mapazi a Yudasi, akudziwa bwino kumene mapaziwo ankapita usiku umenewo, ndipo anawasambitsa monga ena onse. Anasambitsanso a Petro amene anali pafupi kumukana. Apa ndi pamene chikondi cha Chikhristu chimapitirira chibale ndi chinansi.

Tsono tidzifunse ife eni ake a bungwe la amayi. Pa maliro palibe amene amatiposa. Uthenga ukangofika timavala yunifolomu yositidwa bwino, timasonkha ufa ndi nkhuni, timachezera kuimba usiku wonse. Ndi utumiki woyenera ndipo usathe. Koma kawirikawiri munthu amene tikumuimbirayo anagona miyezi inayi m'nyumba yomweyo, ndipo tinakamuona kamodzi, tili gulu, tinaimba nyimbo ziwiri, kupemphera, kusiya shuga n'kumapita. Palibe anafunsa kuti mphasa yake amachapa ndani. Pa maliro pamakhala anthu otiona ndi kaundula wa osonkha. Kuchipinda kwa wodwala kulibe mboni.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atawononga ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, ambiri tinatulutsa zovala ndi ziwiya, ndipo Mulungu akudalitseni. Komabe ena a ife tinatulutsa zimene zinatithina kale. Mfumu Davide, pa 2 Samueli 24, anapatsidwa malo ndi ng'ombe zaulere kuti apereke nsembe, koma anaumirira kulipira, chifukwa sanafune kupatsa Mulungu chinthu chimene iye sanachivutikire. Kwa mayi wa kumudzi chinthu chodula ndi tsiku la kupalira mu Januwale. Kwa mayi wa m'tauni ndi tsiku limene benchi yake ku msika ikhala yotseka. Yohane m'kalata yake yoyamba, mutu 3, atangonena za kutaya moyo chifukwa cha abale, nthawi yomweyo akutembenukira kwa munthu amene ali ndi zinthu nauma mtima poona mbale wake wosowa. Ambiri a ife sitidzapemphedwa kufera munthu. Chimene tidzapemphedwa ndi Lachiwiri lathu, sopo wathu ndi msana wathu.

Pali chinthu china chimene chimatiwawa. Pena nsembe timaipereka ndithu, koma ya munthu wina. Agogo akafa ziwalo, banja limakhala pansi n'kugwirizana kuti mdzukulu wamkazi wa Sitandade 7 ayambe wasiya sukulu kuti aziwasamala. Kapena zonse zimagwera mpongozi mmodzi, amene akadandaula timamuuza kuti apirire monga Mkhristu. Amayi, Yesu sanatume Yohane kuti atenge beseni. Anadzimanga nsalu m'chiuno yekha. Ngati m'tchalitchi chathu muli amayi 30 a yunifolomu, mwana wa sukulu asataye mayeso chifukwa cha wodwala mmodzi. Tikasinthana, aliyense ndi tsiku limodzi pa mwezi.

Masiku ano odwala ogonera kunyumba ambiri ndi a sitiroko, a khansa, a shuga ndi okalamba. Popeza chikondi chopanda luso chimatha kupweteka, tilole tinenepo monga anamwino. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri aliwonse, apo ayi amachita zilonda pamsana, m'chiuno ndi kuzidendene, ndipo zilonda zimenezi zimavuta kupola. Asagone pa nsalu yonyowa. Pomudyetsa phala, mukhazikeni tsonga ndipo mupatseni pang'onopang'ono, chifukwa wa sitiroko amatsamwa msanga. Pogwira magazi, zilonda kapena chimbudzi valani magolovesi, ndipo ngati palibe, majumbo osabooka amathandiza. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Ngati akutsokomola kwa milungu iwiri, tsegulani mawindo ndipo apite akayezedwe TB. Kudziteteza si kuchepa kwa chikhulupiriro. Wosamalira akadwala, odwala asanduka awiri. Ndipo pemphero lisalowe m'malo mwa mankhwala: amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP apitirize kumwa, ife tizimupempherera ndi kumukumbutsa nthawi.

Tisaiwalenso ulemu. Munthu wamkulu amene analera ana ndi adzukulu amachita manyazi kusambitsidwa. Petro yemwe poyamba anakana. Tsekani chitseko, m'fundeni mbali imene simukusambitsa, muzimulankhula ndi ulemu wake wa masiku onse. Zimene mwaona m'nyumba imeneyo zitsale momwemo, zisakafike pa mjigo kapena pa WhatsApp, ngakhale zitavala dzina loti tikupempha mapemphero.

Pa msonkhano wanu wotsatira, tikupempha amayi apampando kuti mapemphero akatha mufunse funso limodzi: m'dera lathu lino, ndani wagona kupitirira mwezi, ndipo akumusamala ndani? Musafunse za mpingo wake. Mlembi alembe masiku, ndipo dzina loyamba pa mndandandawo likhale la apampando. Wopita atenge sopo wake ndi chitenje chogwirira ntchito, yunifolomu aisiye kunyumba, ndipo akafika auze amene wakhala akusamalira wodwalayo kuti apite akagone.