Kodi Cholakwa Chenicheni pa Chikwangwani N'chiti?

Munthu woyenda pansi m'makwalala a ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo sasowa chowerenga. Pamipanda, pamitengo ndi pamakomo a maokala pamakhala zikwangwani zolembedwa pamanja. Ena amalemba ndi penti pachidutswa cha lata, ena ndi khala pakatoni: "Makala alipo," "Timasoka nsapato," "Ngongole mawa." Kawirikawiri zilembo zake zimakhala zokhotakhota ndipo mawu ena amalembedwa molakwika, kotero kuti ophunzira akamadutsa amalozerana n'kumaseka. Kodi kuseka kumeneku n'koyenera?

Poyamba tiganizire za alembi ake. Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, anthu ambiri anachoka kumidzi kudzafuna ntchito mumzindamu. Maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ndipo chisanafike chaka chimenecho ana ambiri ankalekezera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi. Ena mwa iwo ndiwo makolo amene akulemba zikwangwanizi lero. Mayi wa ku Mgona akalemba kuti "timagulisa mandasi" m'malo mwa "timagulitsa mandasi," waphwanya lamulo la kalembedwe, koma sanalakwire munthu aliyense. Mandasiwo alipodi, ndipo ndalama zake ndizo zimagulira ana yunifolomu ndi makope.

Tsono tione zikwangwani za mtundu wina. Pamapolo a magetsi ku Area 23 ndi ku Area 25 pamamatidwa mapepala osindikizidwa bwino, opanda chilembo chosowa ngakhale chimodzi. Mapepalawa amalonjeza mankhwala ochulukitsa ndalama, obweza mwamuna wothawa banja, ngakhalenso okhozetsa mayeso popanda kuwerenga. Apa mpamene akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso pamipanda ina timawerenga mawu akuti "Malo ano sakugulitsidwa." Eni ake amalemba zimenezi poopa atambwali amene amagulitsa malo a eni pogwiritsa ntchito zikalata zabodza, zolembedwa mwaukatswiri ndithu.

Choncho chikwangwani chili ngati lonjezo limene mlembi amapereka kwa aliyense wodutsa panjira. Muyeso wake woyamba ndi choonadi, ndipo kalembedwe kamabwera pambuyo. Chilembo chosowa chimangopweteka maso, pamene bodza lolembedwa bwino limalanda munthu ndalama, malo ndi mtendere.

Izi sizikutanthauza kuti kalembedwe koyenera n'kopanda ntchito. Chiyankhulo chosasamalidwa chimasokoneza uthenga, ndipo n'chifukwa chake inu mukuphunzira malamulo ake. Koma maphunziro amene amangophunzitsa munthu kunyoza anzake ndi operewera. Wophunzira akaona cholakwa pachikwangwani cha mayi wogulitsa mandasi, awapatse moni mwaulemu ndi kupempha kuti awalembere china. Ndipo tsiku limene iye adzagwire cholembera mu ofesi, adzakumbukire kuti mayi aja, ngakhale anaiwala chilembo, sananamize munthu.