ANAWAMASULA, NAWAGWIRANSO

Werengani Yeremiya 34:8-22.

M'masiku a Zedekiya, mfumu yotsiriza ya Yuda, ankhondo a ku Babulo anazinga Yerusalemu. Cakudya cinacepa m'mudzi, ndipo mantha anagwira akuru ndi ang'ono omwe. Pamenepo anthu anakumbukira lamulo la Mose limene makolo ao anali atalitaya kale, lakuti Mhebri asasunge Mhebri mnzace m'ukapolo kupitirira zaka 6. Mfumu ndi akalonga ndi anthu onse anasonkhana ku Kacisi, nadula mwana wa ng'ombe pakati, napita pakati pa mbali zace ziwirizo, monga unali mwambo wa lumbiro lalikuru; ndipo akapolo anamuka kwao ali mfulu.

Koma litamveka dzina la ankhondo a Farao kuti alinkudza kucokera ku Aigupto, Ababulo anacoka kanthawi. Ataona eni akapolo kuti ngozi yapita, anatuma anthu kukagwiranso amuna ndi akazi amene anawamasula dzulo lace. Cifukwa ca ici Yeremiya anatumidwa ndi mau owawa, akuti popeza iwo anamana abale ao ufulu, Mulungu adzamasula lupanga ndi mliri ndi njala pakati pao. Sipanapite nthawi yaitali, Ababulo anabwera, natentha mudziwo.

Nkhani iyi siinathere m'Yerusalemu. Inacitikanso m'dziko la United States of America, pakati pa anthu owerenga Buku lomweli. Ndipo wofuna kudziwa kulemera kwa pangano losweka ayang'ane mbiri yao.

I. Coonadi codziwika, koma cosacitidwa

M'caka ca 1619 ngalawa inatsitsa anthu a ku Africa monga 20 pa gombe la Virginia, nagulidwa kuti alime minda. Umo ndimo unayambira ukapolo m'maiko a Angelezi a kumeneko. Pa 4 July 1776 atsogoleri a zigawo 13 analengeza kuti acoka pansi pa mfumu ya ku England, nalemba m'kalata yao kuti Mlengi analenga anthu onse olingana, ndi kuti ufulu ndi mphatso yace yosalandika. Koma Thomas Jefferson, amene dzanja lace linalemba mauwo, anali nao akapolo oposa 600 m'moyo wace wonse. Anadziwa kuti ukapolo ndi coipa, ananenanso comweco, koma sanawamasule, kupatula owerengeka okha.

Pokonza malamulo akuru a dziko m'caka ca 1787, anapangana kuti mlanduwo auike pambali. Analola kuti malonda otenga anthu ku Africa apitirire kufikira 1808, ndi kuti powerenga anthu a cigawo, akapolo 5 ayesedwe ngati anthu 3. Ambiri anayesa kuti ukapolo udzafota wokha. Akale anati, zengerezu analinda kwaukwau. M'caka ca 1793 Eli Whitney anapanga makina ocotsera njere m'thonje; thonje linasanduka cuma cacikuru ca zigawo za kum'mwera, ndipo pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4,000,000.

Kodi mipingo inali kuti? Anthu a mpingo wa Quaker anatsutsa ukapolo kuyambira kale. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo m'caka ca 1838, anayenda m'mizinda kudzudzula Akristu ogulitsa anzao. Koma abusa ena ambiri anafunafuna mavesi ocinjiriza nao eni akapolo. A Methodist anagawikana m'caka ca 1844, a Baptist m'caka ca 1845, ndipo cimene cinawagawa cinali ukapolo womwewo. Dziko lisanang'ambike, mpingo unayamba ndiwo kung'ambika.

II. Kumasula pa tsiku la nkhondo

Atasankhidwa Abraham Lincoln kukhala Pulezidenti m'caka ca 1860, zigawo 11 za kum'mwera zinapatukana ndi zinzace, poopa kuti ukapolo udzatsekerezedwa. Nkhondo inabuka m'April 1861, nikhala zaka 4, ndipo anafa anthu oposa 600,000. Abale a mimba imodzi anaomberana mfuti, onse akupempha Mulungu mmodzi kuti awapambanitse.

Pa 1 January 1863 Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopandukazo ali mfulu. Iye anadana nao ukapolo ndi mtima woona. Komabe cilengezoco cinali cida ca nkhondo, pakuti sicinakhudze akapolo a m'zigawo zokhala kumbali ya boma, monga Kentucky ndi Maryland. Amuna akuda pafupifupi 180,000 analowa usilikari, namenyera ufulu wao ndi mwazi wao. M'January 1865 kazembe wa nkhondo William Sherman anagawira omasulidwa minda ya m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida, banja liri lonse kufikira maekala 40. Pambuyo pace dziko linaonjeza mau atatu m'malamulo ace akuru: m'caka ca 1865 linathetsa ukapolo ponse ponse, m'caka ca 1868 linati ali yense wobadwira m'dzikomo ndiye mbadwa, woyenera kucinjirizidwa ndi lamulo mofanana ndi anzace, m'caka ca 1870 linati mwamuna asaletsedwe kuponya voti cifukwa ca khungu lace. Caka comweco Hiram Revels, mbusa wakuda wa ku Mississippi, anakhala pa mpando m'nyumba ya malamulo ya Senate. Linali pangano lomveka, lolembedwa pamaso pa dziko lonse lapansi.

III. Kugwiranso

Koma mfuti zitangoleka kulira, mitima inayamba kubwerera. Lincoln anaphedwa m'April 1865, ndipo caka cisanathe Andrew Johnson, wolowa m'malo mwace, analamula kuti minda ija ibwezedwe kwa eni ace akale. Mabanja amene anali atabzala kale anauzidwa kuti asankhe, kugwira nchito kwa mbuye wakale kapena kucoka. Ku Mississippi anaika lamulo lakuti munthu wakuda wopezeka wopanda kalata ya nchito amangidwe, ndipo akalephera kulipira mlandu, aperekedwe kwa mwini munda amene amlipirira. Boma la dziko lonse linaletsa malamulo otere kwa kanthawi. Koma m'caka ca 1877 linaleka kucinjiriza omasulidwa ndi asilikari ace, monga Ababulo anacoka pa Yerusalemu, ndipo eni mphamvu anatsala okha ndi ofooka.

Sanafafanize mau a panganolo ai, anangowazungulira. Anaika msonkho wa voti umene mmphawi sakanatha kulipira, ndi mayeso a kuwerenga amene wolembera akanatha kulepheretsa nao ali yense amene afuna. Ku Louisiana anthu akuda olembedwa m'buku la voti anali oposa 130,000 m'caka ca 1896. Pofika 1904 anatsala 1,342. M'caka ca 1896 comweco bwalo lalikuru la milandu linabvomereza, pa mlandu wa Homer Plessy, kuti oyera ndi akuda apatulidwe m'sitima za pamtunda. Ndipo tsankho linakhazikika m'sukulu, m'zipatala, kufikira ndi kumanda komwe. Anthu akuda oposa 3,000 anaphedwa ndi makamu a anthu popanda woweruza kumva mlandu wao. Dzina la kapolo linacoka, koma goli linabwerera pakhosi.

IV. Mlandu suola

Mulungu sanasowe a Yeremiya m'dzikomo. M'caka ca 1954 bwalo lomwe lija linagamula kuti kupatula ana m'sukulu za boma nkosemphana ndi pangano la 1868. Pa 1 December 1955 mai wosoka zobvala, Rosa Parks, anakana kupatsa mzungu mpando wace m'basi ku Montgomery, namangidwa. Anthu akuda a mumzindamo anakana kukwera mabasi masiku 381, akuyenda pansi kunka ku nchito, ndi kusonkhana madzulo m'nyumba za Mulungu kupemphera. Mtsogoleri wao, mbusa Martin Luther King, sanapemphe cinthu catsopano. Anangokumbutsa dziko cimene linalumbira kale, nalangiza anthu ace kuti asabwezere coipa.

Mtengo wace unali wowawa. Pa Sabata, 15 September 1963, bomba linaphulika pa nyumba ya mpingo wa Baptist ku Birmingham, nilipha atsikana 4. King mwini anaomberedwa ku Memphis m'caka ca 1968. Koma lamulo la 1964 linathetsa tsankho m'malo a anthu onse, ndipo la 1965 linatsegula khomo la voti, zitapita zaka 95 cilonjezere. M'caka ca 1995 mpingo wa Southern Baptist, umene unabadwa pa mkangano wa 1845 uja, unaulula poyera chimo lace, nupempha cikhululukiro kwa abale akuda. Kulapako kunali kwabwino. Koma amene anayenera kukumva poyamba anali atagona m'manda mibadwo ingapo.

V. Wowerenga adziyese

Nkwapafupi kuloza cala anthu a kutsidya kwa nyanja, kapena a m'Yerusalemu wakale. Koma mtima wa Zedekiya uli pafupi ndi munthu ali yense. Wodwala alonjeza zambiri pamphasa, naiwala atacira. Mwini nchito awinda malipiro oyenera pamene asowa manja, nawacepsa zokolola zitalowa m'nkhokwe. Wina akhululukira mbale wace pamaso pa akuru a mpingo, koma pakutha mwezi autsanso mlandu womwewo. Onsewa amasula ndi dzanja lamanja, nagwiranso ndi lamanzere. Ndipo mbiri ya America ionetsa kuti wolipira ngongole yotere kawirikawiri sakhala amene anaswa pangano, koma ana osalakwa, monga atsikana aja a ku Birmingham.

Cifukwa cace, pakulowa caka catsopano, munthu ali yense afunse mtima wace: ndani amene anamlonjeza ufulu, kapena malipiro, kapena cikhululukiro, namgwiranso? Asalindire nkhondo ina kuti imkumbutse. Amuke lero, akamasule mbale waceyo kotheratu. Pakuti Ambuye Yesu sanacite ndi anthu ace monga Zedekiya. Pangano lace analisindikiza ndi mwazi wa Iye yekha, osati wa mwana wa ng'ombe, ndipo amene Iye wammasula samgwiranso ukapolo nthawi zonse. Amen.