KODI MUNTHU ANACOKERA KU NYANI?

Abale anga akatekumeni, ena mwa inu mwavutika mumtima cifukwa ana anu, pobwera kusukulu, akunena kuti munthu sanalengedwe ndi Mulungu, koma anacokera ku nyani. Funso limeneli tiliyankhe modekha, pakuti cikhulupiriro cothawa mafunso sicikhalitsa.

Poyamba timve bwino zimene anzeru amaphunzitsa. M'caka ca 1859 Mngelezi wina, Charles Darwin, anatulutsa buku lofotokoza kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yosawerengeka. Inu alimi mukudziwa kuti mukamasankha ngala zazikulu zokha za mbeu caka ndi caka, cimanga canu cimasintha. Darwin anati m'chire namonso muli kusankha kotere: colengedwa cimene cipirira njala, matenda ndi adani ndico cimasiya ana ambiri, ndipo ana aja amatenga za makolo ao. Anzeru sanena kuti nyani amene amaba m'munda mwanu ndiye kholo lanu, iai. Amati thupi la munthu ndi la nyani zinacokera ku tsinde limodzi lakalekale. Ndipo umboni ulipo, ngakhale kufupi ndi kwathu kuno: cigaza cinapezeka ku Kabwe, m'Zambia, mu 1921, ndiponso nsagwada inafukulidwa pafupi ndi Karonga, m'Malawi, mu 1991, imene yakhala m'nthaka zaka zoposa mamiliyoni 2.

Nanga Malembo Oyera ananama? Tsegulani buku la Genesis. M'mutu woyamba munthu alengedwa pomalizira, nyama zitalengedwa kale; m'mutu waciwiri munthu aumbidwa poyamba, nyama zibwera pambuyo. Kuwala kuoneka tsiku loyamba, pamene dzuwa lilengedwa tsiku lacinai. Amene anasonkhanitsa nkhani zimenezi sanali opusa, anaziona ndithu. Koma iwo sanali kuwerenga masiku monga mlembi wa boma. Anafuna kutiphunzitsa kuti Mlengi ndi mmodzi, kuti dzuwa ndi mwezi si milungu, kuti zonse anazilenga zabwino, ndi kuti munthu, mwamuna ndi mkazi yemwe, ali m'cifaniziro cake.

Eklezia analankhulapo. Papa Pio XII, m'kalata yake Humani generis ya 1950, analola kuti akatolika afufuze ngati thupi la munthu linacokera ku zamoyo zina. Papa Yohane Paulo II, mu 1996, anavomera kuti ciphunzitsoci cili ndi umboni wolimba, sicilinso congoganizira cabe. Koma onse awiri anaika malire pamalo amodzi: mzimu wa munthu sucokera ku nyama, Mulungu mwini amaulenga. Apa mpamene ife tikana. Wina akati munthu ndi nyama basi, wadutsa malire a sayansi, pakuti mafupa a m'nthaka angatiuze za nsagwada ndi mano, koma sangatiuze cifukwa cace munthu amalapa, amakhululuka, amaika wakufa wace m'manda ndi pemphero. Inu nomwe munabadwa mwa mai ndi bambo, azamba akudziwa m'mene zinayendera, komabe mumachula Mulungu kuti Mlengi wanu, ndipo simunama.

Augustino Woyera, wa ku Afrika kuno, anacenjeza kale kuti mkristu akamalankhula zopanda nzeru pa za dziko ndi nyenyezi, nati Malembo ndiwo atero, akunja amaseka Malembowo. Cifukwa cace mwana akabwera ndi phunziroli, musamkalipire kapena kumletsa sukulu. Muuzeni akufotokozereni zimene waphunzira, ndipo madzulo muwerenge naye mitu iwiri ija ya Genesis.