Msonkhano Wolinganizidwa Bwino Umasonyeza Chikondi

PA June 6, 2010, khamu lalikulu linasonkhana pazipata za bwalo la maseŵero la Makhulong ku Tembisa, m'dera la Ekurhuleni, ku South Africa. Matimu a mpira a Nigeria ndi North Korea anali kukonzekera World Cup, ndipo matikiti anagaŵidwa kwaulere. Ofikawo anachuluka koposa malo okhala. Anthu anakankhana pazipata, ena anagwa napondedwa, ndipo oposa 10 anavulala, kuphatikizapo wapolisi. M'Chitsonga, dzina lakuti Ekurhuleni limatanthauza malo a mtendere. Koma tsikulo mtendere unasoŵa.

2 Akristu nawonso amasonkhana m'makamu kaamba ka kulambira, kaya m'holo ya ku Benoni, m'bwalo la ku Germiston, kapena pansi pa chisakasa cha udzu kumudzi. Kodi oyang'anira misonkhano yotero angaphunzirenji pa chochitikachi? Angaphunzire kuti chifuno chabwino pachokha sichitetezera munthu. Kulinganiza kosamala nkofunika, ndipo kuli mbali ya kukonda mnansi.

Moyo Ngwopatulika

3 Chilamulo cha Mose chinafuna kuti womanga nyumba aike kampanda patsindwi, kuti banja lake lisakhale ndi liwongo la mwazi ngati wina agwa. (Deuteronomo 22:8) Kampandako kanamangidwa ngozi isanachitike. Mofananamo, oyang'anira anzeru amadziŵiratu chiŵerengero chimene malowo angalandire ndipo samaitana ochuluka koposa pamenepo. Amatsimikizira kuti makomo otulukira ngosakiya, kuti akalinde akudziŵa ntchito yawo, ndi kuti pali malo a chithandizo choyamba. Ku South Africa, lamulo la 2010 lotchedwa Safety at Sports and Recreational Events Act limakhudzanso misonkhano yachipembedzo pamalo okhoza kulandira anthu 2,000 kapena kuposapo, ndipo apolisi amapenda ukulu wa ngozi yothekera. Akristu amagonjera makonzedwe otero mofunitsitsa.—Aroma 13:1.

4 Yesu Kristu anapereka chitsanzo chabwino koposa. Asanadyetse amuna 5,000, iye analamula kuti anthuwo akhale pansi pa msipu m'magulu a 100 ndi a 50. (Marko 6:39-44) Talingalirani chimene chikanachitika ngati khamu lanjala likanathamangira mikateyo panthaŵi imodzi! Mwa kuwakhazika m'magulu, ofooka anadya mofanana ndi amphamvu.

Malo a Aliyense

5 Panthaŵi ina ku Kapernao, amuna anayi analephera kuloŵetsa munthu wamanjenje m'nyumba chifukwa cha khamu, kufikira anasasula tsindwi. (Marko 2:1-5) Lerolino mbale woyenda panjinga ya opunduka sayenera kuvutika motero. Makwerero popanda njira yotsetsereka ali kwa iye ngati khomo lotseka. Chilamulo chinaletsa kuika chokhumudwitsa pamaso pa wakhungu ndi kutemberera wogontha. (Levitiko 19:14) Chotero okalamba amapatsidwa mipando pafupi ndi makomo ndi zimbudzi, ndipo ogontha amakhala kumene angaone bwino womasulira chinenero cha manja. M'mizinda ya Ekurhuleni, kumene olankhula Chizulu, Chisutu, Chitsonga, ndi Chicheŵa amakhala moyandikana, zilengezo zonena za chitetezo ziyenera kumveka kwa onse.

Kupeŵa Kuwawanya

6 Khamulo litakhuta, Yesu anauza ophunzira ake kusonkhanitsa makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. (Yohane 6:12, 13) Iye amene anali wokhoza kuchulukitsa mikate sanalole kuti itayike. Ameneŵa ndiwo maganizo amene amasonkhezera osonkhana kubwera ndi chakudya chokwanira chabe, kutseka mipopi ya madzi, kukwerera pamodzi basi kapena sitima, ndi kutola zinyalala asanachoke.

7 Ntchito zimenezi zimachitidwa kaŵirikaŵiri ndi antchito odzifunira amene maina awo satchulidwa papulatifomu. Komabe, pamene mkazi wamasiye wokalamba afika, namva programu yonse, ndi kubwerera kwawo ali bwino, ntchito yawo yakwaniritsa chifuno chake. Ndithudi, Mulungu wa mtendere, amene sakondwera ndi chisokonezo, amaona ntchito yoteroyo ndipo sadzaiiŵala.—1 Akorinto 14:33, 40, Ahebri 6:10.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi lamulo la kampanda limaphunzitsanji oyang'anira misonkhano?

□ Kodi Yesu anatetezera motani ofooka podyetsa khamu?

□ Kodi ndani amene angatsekeredwe kunja ngati makonzedwe ali osasamala?